Ndalama zokonzera nyumba zozizira zili ku khonsolo, ife alendi tikugonabe ndi majekete

Abale anga omwe muli kuno ku England, makamaka inu amene mukuchita lendi nyumba zakale zija za njerwa zofiira zomangidwa mogundizana mseu wonse, nkhaniyi ndi yanu. Tikakumana ku tchalitchi kaya pa gulu la WhatsApp madandaulo athu ndi omwewo chaka ndi chaka, gasi wadula, mita ikungomeza ndalama, mwana akutsokomola osaleka. Koma zoti kuli thumba la ndalama ku khonsolo lokonzera nyumba za anthu opeza pang'ono kuti zizisunga kutentha, sindimvapo wina akuzitchula, ndipo zimandipweteka mumtima.

Pulogalamuyo dzina lake Warm Homes: Local Grant. Inayamba mu Epulo 2025, boma linaikamo mapaundi 500 miliyoni oti makhonsolo agwiritse ntchito mpaka 2028. Ngati banja lanu lonse limapeza mapaundi 36,000 pachaka kapena osafika pamenepo, ndipo nyumba yanu pa chikalata cha EPC, chija choonetsa mmene nyumba imadyera gasi ndi magetsi, ili pa D, E, F kapena G, mutha kulowa nawo. Enanso amalowa chifukwa cha postcode yokha, ngati dera lawo lili m'gulu la madera osaukitsitsa. EPC ija musaivutikire, ili pa gov.uk mwaulere, mumangolemba postcode n'kusankha nambala ya nyumba basi mwaiona. Ndalamayo sakupatsani m'manja ayi, khonsolo imatuma munthu kudzaiyendera nyumbayo kenako imalipira yokha kontilakita. Ichi ndi cha ku England kokha, aku Scotland ndi Wales ali ndi zawo zina.

Anthu ambiri timaganiza kuti mankhwala a chisanu ndi kukweza hita, pomwe vuto ndi nyumbayo. Nyumba yopanda insulation, zija zonga ubweya zotchingira kutentha kuti kusathawe, imataya kota ya kutentha kwake kudzera kudenga, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limathawira m'makoma, ndiye inu mukamatopa-pu mita ku shopu muli ngati munthu wotunga madzi ndi ndowa yobooka. Ine ndinakwera pa siling'i ya nyumba yomwe timakhala, ndi tochi ya pafoni, ndinapeza kaubweya kopyapyala kakuda ndi fumbi kosafika ngakhale kutalika kwa chala, pena pali matabwa okhaokha, chonsecho akatswiri amati ubweyawo uzikhala wokhuthala mamilimita 270. M'mawa uliwonse mawindo amakhala akuchucha madzi mkati, mayi a kunyumba akupukuta ndi thaulo asanapite ku shifiti, kuseli kwa wadilopu khoma lonse bii ndi nkhungu. Nkhunguyo si nkhani yamasewera. Awaab Ishak, kamwana ka zaka ziwiri ka ku Rochdale, anamwalira mu Disembala 2020 chifukwa chopuma nkhungu ya m'nyumba, makolo ake atadandaula kambirimbiri osathandizidwa.

Ine ndikuona kuti kudzetsa ndalamazi ku khonsolo n'kwanzeru. Mu 2020 boma linayesa zopereka mavocha a Green Homes Grant kuti aliyense adzipezere yekha womukonzera, ankafuna nyumba 600,000, koma pulogalamuyo inatsekedwa mu Malichi 2021 ndipo nyumba zomwe zinathandizika sizinafike n'komwe 50,000. Munthu wogwira naiti ku care home, masana n'kumagona pang'ono n'kukatenga ana kusukulu, nthawi yoimbira makampani kufunsa mitengo aitenga kuti? Khonsolo imadziwa misewu yomwe muli nyumba zozizira ndipo ikalakwitsa muli ndi khansala woti mukamugogodere pakhomo.

Pomwe pali mfundo yovuta ndi apa. Ngati nyumbayo ndi ya lendi palibe chingachitike landilodi asanavomere. Ndipo ambiri a ife ndife alendi. Wathu nditamuuza anangoti aona, mpaka lero akuonabe, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake abale ambiri safuna n'kuyamba komwe, amaopa kuti akalankhula kwambiri lendi ikwera kapena auzidwa kuti asamuke, pomwe kupeza nyumba ina kuno ndi ana ndi chintchito. Mantha amenewa ndi enieni sindingawapeputse. Koma taonani, malamulo a pulogalamuyi amati nyumba yoyamba ya landilodi khonsolo imalipira zonse, akafuna kukonzetsa zina ndi pomwe amasonkhako theka. Ndiye munthu akukonzeredwa nyumba yake yomwe mwaulere, EPC yake ikwera, akanirenji? Ambiri samadziwa chabe, ena ndi ulesi wosaina mafomu. Apa ndi pomwe ndimati makhonsolo akuperewera, bwenzi akuwalembera okha eni nyumbawo makalata m'malo mosiyira mlendi kuti akapemphe yekha kwa munthu yemwe wagwira makiyi a pogona pake.

Chenjezo limodzi, chifukwa sindikufuna wina adzati ndinamulowetsa m'mavuto. Ntchito ikagwiridwa mwachinyengo imaononga nyumba kuposa kale. Mu Okutobala 2025 a National Audit Office, ofesi yofufuza mmene ndalama za boma zikugwiritsidwira ntchito, anapeza kuti 98 pa 100 iliyonse ya nyumba zomwe zinamatidwa insulation kunja kwa makoma pansi pa ECO4 ndi Great British Insulation Scheme zikufunika kukonzedwanso, zambiri chifukwa chinyontho chitha kulowa n'kubala nkhungu yomweyo. Awo anali mapulogalamu odzera ku makampani a magetsi ndi gasi, osati uyu wa khonsolo, komabe akabwera ogwira ntchito musachite manyazi, funsani ngati ali olembetsedwa ku TrustMark, kaundula wovomerezedwa ndi boma wa makontilakita odalirika, funsani kuti mpweya uzituluka bwanji kubafa ndi kukhitchini akatseka mipata yonse, ndipo mapepala a galanti musunge kapena muwajambule pafoni. Wina akakugogodani pakhomo kuti watumidwa ndi boma, imbirani kaye ku khonsolo musanamulowetse.

Fomu yofunsira ili pa gov.uk pomwepo ndipo si yaitali. Musadikire Novembala mano akuguguda, chifukwa kuchoka pa fomu kufika poti aiyendere nyumba kenako ntchito iyambe pamadutsa miyezi. Kwa landilodi lembani imelo, musangomuimbira foni, muikemo linki ya pulogalamuyo ndi mawu oti nyumba yoyamba salipira kanthu. Ine wanga ndimulemberanso sabata ino, ndipo ulendo uno khansala wa dera lathu ndimuika pa kope.