Kanyumba ka Mkango: 85 uja wachoka

Usiku wathawu panja kunatsika mpaka madigiri 2, m'mawa udzu uli mbuu ndi chisanu, koma m'kanyumba ka galu wanga Mkango mzere wa kutentha wa pa Home Assistant (pulogalamu yoyang'anira zipangizo za pakhomo) wangoyenda pakati pa madigiri 11 ndi 13 mpaka kucha. Aka n'koyamba chiyambireni ntchito yomuikira hita yoyaka ndi kuzima yokha, ndiye ndati ndilembe msanga ndisanaiwale zomwe ndasintha.

Zipangizo ndi izi: ESP32 (kakompyuta kakang'ono) yoyendera pulogalamu ya ESPHome ili m'garaja momwe WiFi imafika, sensa yoyeza kutentha ya DS18B20 ya mutu wachitsulo ili m'kanyumbamo, relay (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa hita), ndi tube heater ya 60W yomwe ndaitchinga ndi waya wa sefa kuti galu asaitsamire. Mkango ndi boerboel, ubweya wake ndi waufupi, komanso wakalamba. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu June ndi July miyendo yake yakumbuyo imauma moti podzuka amachita kudzikoka.

Chomwe chinandisowetsa tulo ndi nambala imodzi, 85. Pakati pa usiku sensa imangoti mwadzidzidzi m'kanyumbamo muli madigiri 85, thermostat n'kuzimitsa hita nthawi yomweyo, kenako n'kudikira min_heating_off_time (nthawi yoikika yoti hita ikhale yozima) isanayatsenso. Zimachitika nthawi yozizira kwambiri, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pomwe galu akufunitsitsa kutentha. Amene munagwirapo DS18B20 mukudziwa kuti 85 si kutentha kwenikweni. Ndi nambala imene imakhala kale mu register yake ikangolandira magetsi, isanayeze kalikonse. Kuyeza kumodzi pa 12-bit kumatenga mpaka 750 ms, ndiye magetsi akagwedezeka mkati mwa kanthawi kameneko, sensa imayambiranso n'kukupatsani 85.

Ndinasintha sensa, osathandiza. Ndinayika filter_out ya 85.0 (lamulo loti nambalayo izingotayidwa), graph n'kuoneka bwino, koma kumeneko n'kungophimba bala ndi nsalu. Mu log munadzaza scratchpad checksum invalid (uthenga woti zochokera ku sensa zafika zosokonekera), kutanthauza kuti thermostat imayendera nambala yakale kwa mphindi zingapo osadziwa. Chinandiululira chinsinsi ndi log yomweyo. Nditaika nthawi za 85 pambali pa nthawi zomwe relay imalira kuti tcha, zinagwirizana mzere ndi mzere, kusiyana kwake sekondi imodzi kapena ziwiri. Coil ya relay imakoka pa 5V yomweyo ya ESP32, ndipo sensa ili kumapeto kwa waya wa mamita 8 ndiyo imayamba kumva kugwedezekako.

Tsopano relay ili ndi power supply yakeyake. Waya wa sensa ndi Cat5, data yapotedwa pamodzi ndi ground. Pull-up (resistor ya pa waya wa data) ndaitsitsa kuchoka pa 4.7k kufika pa 2.2k, ndipo kumutu kwenikweni kwa sensa ndawotcherera capacitor ya 100nF pakati pa VDD (waya wa magetsi) ndi GND (ground), n'kuikutira ndi heat shrink. Filter ija ndaichotsa dala, kuti 85 akabweranso ndimuone.

Sensa zotchipa za pa intaneti zija, zogulitsidwa zisanu m'kathumba kamodzi, zambiri ndi zongokopera ndipo zimavuta pa waya wautali. Ine ndimakonda kukwera mpaka ku Centurion, kwa Micro Robotics kapena Communica, chifukwa chinthu umachigwira m'manja usanalipire. Ndikakhala kumeneko ndimakumbukira brooder (chofunditsira anapiye) imene tinapangira achimwene ku Dedza: babu ndi thermostat ya STC-1000 basi, sabata yoyamba madigiri 33, popanda WiFi kapena code ya YAML, ndipo ikugwirabe mpaka pano.

Brooder imeneyo ndiyo inandipangitsa kusiya thermostat yonse pa ESP32, osati mu automation ya Home Assistant. Magetsi akazima n'kubweranso, router ndi Raspberry Pi (kakompyuta koyendetsa Home Assistant) zimatenga nthawi kudzuka, pomwe ESP32 imakhala yayamba kale ntchito m'masekondi ochepa. Home Assistant ntchito yake ikhale kujambula graph ndi kundiimbira belu pafoni. Ndikupemphaninso anzanga amene mukupangira agalu anu, musadalire code yokha pamene pagona chamoyo. Pa hita yanga pali thermal fuse (yodula magetsi ikatenthetsa), mawaya onse ali mu conduit chifukwa galu amatafuna, soketi ikudutsa pa earth leakage (switchi yodula magetsi akamadontha) ya 30mA, ndipo sensa ikangokhala chete mphindi 10 hita imazima yokha foni n'kulira. Za bilu musadandaule: 60W itayaka maola 10 osazima ndi 0.6 kWh yokha.

Chatsala n'choti hita izidziwa ngati Mkango alimo, chifukwa nthawi zina amatuluka kukalondera kugeti kanyumba n'kumafunda iye mulibe. Sensa yomva kuyenda ya PIR siigwira galu akagona phee, ndiye ndaitanitsa LD2410, radar ya 24GHz ija imene imamva ngakhale kupuma. Ndikuganizanso zoika load cell (sensa ya sikelo) ndi kachipangizo koiwerenga ka HX711 pansi pa thabwa logonapo kuti ndizidziwa kulemera kwake tsiku ndi tsiku, zothandiza popita kwa dokotala wa ziweto. Zikatheka, chisanu cha chaka chamawa chidzapeze zonsezi zikuyendera sola ndi batire ya LiFePO4, ngakhale pamenepo hita iyenera kukhala ya 12V.