Mowa wa Apongozi

Amuna amene timafulula mowa wamakono m'nyumba zathu kuno ku Cape Town tili ndi nthenda imodzi, yomwe ine ndinaitengera kwa mnzanga wa kuntchito: aliyense amafuna kuti mowa wake uwawe ndiponso ununkhire hops kuposa wa mnzake. Hops ndi maluwa a chomera china choyanga, ndipo ndi amene amapatsa mowa wa m'botolo kuwawa kuja kumene masese akwathu alibe. Chomeracho chimakonda mayiko amene dzuwa limachedwa kulowa m'nyengo yotentha, monga Germany ndi England, koma kuno ku South Africa amachilima ku George, m'munsi mwa mapiri a Outeniqua, komwe akatswiri anapanga mitundu yakeyake yopirira masiku aafupi, monga Southern Passion ndi African Queen. Ine ndinkagula African Queen wopera ndi kuumbidwa timibulu, ndipo pothira sindinkaumira.

Timibuluto tikalowa m'madzi owira timasungunuka n'kusanduka matope obiriwira amene amamwa mowa wambiri, moti munthu amene wafulula malita 20 amapezeka kuti ena atsalira m'matopemo. Kuwataya kunalinso mlandu pawokha. Kubwalo sindikanatha kuwataya chifukwa mwininyumba ali ndi galu, ndipo hops amapha galu akawadya. Ndikawathira mu sinki, paipi inkatsekeka, mayi a kunyumba n'kuyamba kundiwerengera ndalama zimene tinalipira wokonza mipope. Choncho mnzanga uja atandiuza za hop extract, ndiye kuti mphamvu ya hops yokhayokha popanda masamba, ndinaona ngati banja langa lapulumuka. Anandifotokozera kuti kufakitale amakankhira mpweya wa carbon dioxide mwamphamvu m'maluwawo n'kutulutsa utomoni ndi mafuta ake, ndipo anawonjezera kuti ngakhale kampani ya Russian River ya ku California imathira zimenezi mu mowa wake wotchuka wa Pliny the Elder, choncho panalibe chochititsa manyazi.

Ndinagula zinthu ziwiri. China chinali jakisoni wopanda singano wokhala ndi utomoni wachikasu wokwana 10 ml, china chinali kabotolo ka 100 ml ka madzi oyera mbuu. Kusiyana kwake n'kofunika pa nkhani ino. Mu hops muli timichere totchedwa alpha acid, tomwe sitisungunuka bwino ndipo sitiwawitsa mowa mpaka titawiritsidwa kwa ola limodzi kapena kuyandikira pamenepo. Utomoni wa m'jakisoni umafunika kuwira chotero m'poto. Madzi a m'kabotolo aja, ntchito yowiritsayo anaimaliza kale kufakitale, motero amathiridwa mu mowa wakupsa kale, ndipo dontho lililonse limawawa pomwepo.

Mowa umenewu ndinkaufululira apongozi anga aamuna, amene anali kubwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona adzukulu. Iwo ndi munthu wa Green, ndipo sachedwa kukumbutsa aliyense kuti Carlsberg itafuna kumanga fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark inasankha Blantyre, mu 1968. Atamva pa foni kuti mkamwini wawo amafulula yekha mowa, anaseka nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati chitenje ndimavalanso, popeza kwathu kufulula ndi ntchito ya amayi. Funso limenelo ndinalisunga mumtima, ndipo ndinatsimikiza kuti yankho lake adzalimwa.

Tsiku lofulula linali mu July, pamene Cape Town amazizira ndi kuvumba mvula. Chimera ndinachiviika bwinobwino, madzi ake otsekemera ndinawasefa, poto anayamba kuwira, ndiye nthawi ya jakisoni inakwana. Utomoni wa hops ukazizidwa umalimba, ndipo anthu odziwa amayamba aviika jakisoniyo m'madzi otentha kuti ufewe. Ine ndinangomuloza m'poto n'kukanikiza ndi chala chachikulu, koma sipanatuluke kanthu. Ndinakanikiza ndi zala ziwiri, osatheka. Nditamutsamiritsa pachifuwa n'kukankha ndi dzanja lonse, utomoni wonse unatuluka kamodzi. Wina unagwera m'poto, wina unadutsa pamwamba pake n'kukamata khoma ndi katani ya pawindo. Umene unagwera m'poto unangoyandama chibulumwa osasungunuka, ndipo popeza sipuni yanga yachitsulo sinkaoneka, ndinatambasula dzanja n'kutenga mthiko.

Mthiko umenewo unali ndi mbiri. Anausema ku Ntcheu, apongozi aakazi anautumiza pa basi, ndipo unawoloka zipata za Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge usanafike m'khitchini mwathu. Nditamaliza ndinautsuka ndi sopo kawiri, koma utomoni wa hops sumva sopo ndi madzi ofunda, umafuna sipiriti, ndipo mtengo unali utaumwa kale. Ndinaupachika pamalo pake, katani ndinaipinda mwaluso kuti banga libisike. Nsima ya usiku umenewo inawawa, ana anaisiya m'mbale, mayi a kunyumba anadzudzula ufa wa kuno kuti amauthira mankhwala, ndipo ine ndinavomereza ndi mutu kuti zinthu zasinthadi masiku ano. M'mawa mwake anagula thumba la ufa wa mtundu wina, nsima inawawanso. Ataununkhiza mthiko uja anamva fungo la zipatso, ndipo anandiyang'ana osalankhula kwa nthawi imene ndikanatha kupita kusitolo n'kubwerako.

Mowa unawira bwino m'bigiri mwake, yisiti anagwira ntchito yake, koma mtima wanga sunakhazikike. Ngati theka la utomoni linapita kukhoma, ndiye kuti mowa unali woperewera kuwawa, ndipo mowa wozizira mkamwa ukanatsimikizira apongozi nkhani ya chitenje ija. Apa ndi pomwe kabotolo kaja kanaonekera kufunika kwake. Kuwawa kwa mowa amakuyeza ndi muyeso wotchedwa IBU, ndipo IBU imodzi ndi miligalamu imodzi ya timichere towawato mu lita imodzi ya mowa. Mowa wamba wa m'sitolo sukonda kupitirira 20 kapena 25, pamene IPA, mtundu umene ndinkafulula, imakhala pakati pa 40 ndi 70. Pakabotolopo panalembedwa ndi tizilembo tating'ono kuti 10 ml/hl imawonjezera ma IBU pafupifupi 25, omwe ndi amene ndinkawasowa ndendende.

Ndinatenga pepala ndi cholembera. Ngati lita imodzi ikufuna 10 ml, malita 20 akufuna 200 ml, koma ine ndinali ndi 100 ml yokha. Ndinakwiya ndi wogulitsa uja kuti amagulitsa timabotolo tosakwanira ngakhale bigiri imodzi, ndipo ndinakhuthula konse, n'kutsukuluzanso ndi madzi pang'ono kuti dontho lisatsale. Mpaka lero ndimanena kuti chilembo chofunika chotero sichiyenera kulembedwa mocheperapo kuposa nyerere, pakuti hl ndi hectolitre, malita 100, muyeso wa makampani akuluakulu. Bigiri yanga inkafuna 2 ml basi. Madziwo atangogwera mu mowa munachita mtambo woyera, chifukwa mowa sutha kusungunula timichere timeneti kupitirira ma IBU 100 ndi pang'ono, totsalato timangoyandama. Ine ndinasangalala, popeza masiku ano mowa wachifunga wa mtundu wa New England ndiwo uli m'fasho, ndipo ena amauvutikira kuti uoneke chotero. Ndinathira shuga wa thovu, ndinautsanulira m'mabotolo, ndinatseka. Kulawa sindinalawe, pakuti munthu amene wawerengera pa pepala alibe chifukwa chofunsiranso lilime.

Apongozi anafika, anapuma, ndipo Lamlungu titachoka ku tchalitchi tinakhala pa chakudya: nkhuku, nsima ya mthiko watsopano umene ndinaulipira ine, ndi alamu anga, achimwene a mayi a kunyumba, amene amagwira ntchito ku Bellville. Ndinatulutsa mabotolo m'fuliji ndi ulemu wonse, ndinatsanulira m'matambula atatu, ndipo kunena zoona mowawo unkaoneka bwino, thovu loyera lolimba, fungo la African Queen likumveka chipinda chonse. Apongozi ananyamula tambula yawo, anaiyang'ana pa kuwala kwa windo, kenako anandilozera yanga. "Akamwini, mwambo mukuudziwa. Wofulula ndiye amayamba kuchotsa ufiti."

Ndinamwa mkamwa modzaza, monga munthu wopanda chobisa. Kwa kamphindi ndinamva kutsekemera kwa chimera, ndipo ndinayamba kumwetulira. Kenako kuwawa kunagwira kumbuyo kwa lilime, kunatsikira kukhosi, kunakwera m'makutu, mano anamatika kanthu konata, ndipo misozi inadzaza m'maso popanda kundifunsa. Mkamwini salavula pamaso pa apongozi. Ndinameza, ndinadikira kuti mawu abwerere, ndipo atabwerera anali a mwana wa zaka khumi. "Ufiti wachoka, bambo," ndinatero.

Alamu anapsontha pang'ono, anaimirira n'kunena kuti foni yawo ikulira, ngakhale kuti foniyo inali duu patebulo, ndipo anatuluka panja osaitenga. Apongozi, omwe sanazolowere kupsontha, anapendeketsa tambula mpaka theka. Anaibwezera patebulo pang'onopang'ono, anatulutsa kampango m'thumba la jekete, anapukuta pakamwa, anapukuta m'maso, anakapinda kanayi n'kukabwezera. M'nyumba munali zii, kupatula phokoso la alamu amene ankatsokomola kuseri kwa galaja.

"Akamwini," anatero potsiriza, "boma linasiya kutipatsa kolokwini mu 1993, ndipo ine ndinkayesa kuti ndinatsanzikana naye mpaka kalekale. Kani munamusunga kuno?"

Ndinayankha kuti mowa wa mtundu umenewu ndi mmene azungu amaukondera, ndipo ndinayamba kufotokoza za ma IBU. Iwo anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, kenako anati tsopano amvetsa chifukwa chake azungu a mu basi ya ku Johannesburg sankaseka. Atatero ananyamulanso tambula ija n'kumaliza theka lotsalalo, chifukwa mlendo sasiya chimene wapatsidwa ndi mwana wake, ndipo atamaliza anayang'ana tambula yanga mpaka nanenso ndinamaliza. Sindikudziwa ngati unali ulemu kapena chilango, koma anandiyang'anitsitsa mpaka dontho lomaliza.

Kuwawa kwa hops sikuchoka msanga pa lilime, ndipo kwa mowa umenewu kunakhazikika ngati kwalipira lendi. Nkhuku inawawa, nsima inawawa, ngakhale madzi akumwa anawawa. Apongozi atatafuna nthongo yoyamba n'kuima, mayi a kunyumba anaona nkhope yawo, anaona yanga, n'kuika chipande pansi. "Bambo a ana, mwaugwiranso mthiko wanga?" Ndinalumbira kuti sindinauyandikire, ndipo kwa nthawi yoyamba pa nkhani yonseyi ndinkanena zoona, koma panalibe wondikhulupirira mpaka ana atachitira umboni kuti nsima yawo ili bwinobwino. Mayi analowa m'galaja, anatuluka ndi kabotolo kopanda kanthu kaja, anavala magalasi, anawerenga kamodzi kokha n'kundifunsa kuti h uyu ndinamusiya kuti.

Alamu, omwe anali atabwerera ndi maso ofiira, anatenga foni yawo ija n'kuwerengera mokweza kuti aliyense amve. Ndinali nditathira kuwirikiza ka 50 muyeso woyenera. Kuti kabotoloko kagwire ntchito yake moyenera, panafunika malita 1,000 a mowa, ndiye kuti mabigiri ena 49 oti ndisakanize ndi imodzi yangayi. Anandifunsa ngati ndiyambe mawa kapena ndidikire malipiro, ndipo mayi a kunyumba anayankha m'malo mwanga kuti m'khitchini mwawo simudzawiranso chinthu chimene sichidyedwa ndi ndiwo.

Tsiku lonyamuka, apongozi anandiitanira pambali n'kupempha mabotolo anayi. Ndinadabwa, koma ndinawakulungira m'nyuzipepala n'kuwaika pakati pa zovala m'chikwama, ndikuganiza kuti mwina lilime lawo layamba kuphunzira. Anati ali ndi mnzawo kumudzi amene amabwera Loweruka lililonse kudzapempha botolo ndipo sanagulepo ngakhale limodzi, choncho akufuna kumulandira bwino ulendo uno.

Patapita milungu ingapo foni inalira usiku, nambala ya kumudzi. Anali azakhali a mayi a kunyumba, omwe sanandiimbirepo chikwatirire. Atandipatsa moni wa ana ndi wa ntchito, anatsitsa mawu n'kunena kuti amva kuti mkamwini wa ku Joni wayamba kupanga mankhwala amphamvu, oti mnzawo wa achimwene awo atamwa theka la botolo anasiya mowa mpaka lero, ndipo akazi ake apita kukathokoza ndi nkhuku. Iwonso amuna awo akuvuta ndi kachasu. Anafuna kudziwa mtengo wa botolo limodzi, ndiponso ngati amamwa asanadye kapena atadya.