Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 12: Kupumira kwa Amayi ku Phalombe

M'gawo lapitali ndinakusiyani ku Sombani, kumpoto chakum'mawa kwa phiri la Mulanje, nsapato zili chinyowere, bondo lakumanzere litayamba kundivuta. Ine, wonditsogolera ndi wonyamula katundu tinali titanyamukira ku Likhubula n'kumagona m'nyumba za paphiri, ku Chambe, Chisepo, Thuchila ndi Chinzama, ndipo pa Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili, pamtunda wa mamita 3,002, tinali titapondapo kale. Kunatsala kudzera ku Madzeka n'kukatsikira m'minda ya tiyi ya ku Lujeri. Koma ndisanachoke ku Blantyre tinali titapangana ndi mayi a ana kuti ndikafika ku Sombani nditsike kaye, tikakumane kwa amayi ku Phalombe, ndipumeko, kenako ndikwerenso. Munali mu Ogasiti 2023.

Kutsika kuchokera ku Sombani kukafika ku Fort Lister ndi maola ochepa chabe, koma kumalanga mawondo kuposa kukwera. Pampata umenewu, pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi, Angelezi anamangapo linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo opita kunyanja ya mchere. Masiku ano pangotsala mabwinja, ndipo ine ndinalibe mphamvu yopatukirako. Maso anga anali pa njinga yamoto ya kabaza imene inkatidikira pamsewu. Mnyamata wonditsogolera anatenga gawo la malipiro ake n'kupita kwa azakhali ake ku Migowi, tinagwirizana tsiku lokumananso.

Woyamba kundiona anali mwana wanga wamkazi. Anathamanga, koma atafika pafupi anaima chilili. Ndevu zinali zitamera, milomo itang'ambika ndi mphepo, thupi lonse likununkha utsi wa nkhuni za alonda a nyumba za paphiri. "Adadi, mwada," anatero, ndipo pokhapo m'pamene anandikumbatira m'miyendo. Mayi ake anali atabwera dzulo lake pa minibasi ya ku Limbe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kungoti, "Vulani nsapatozo panja pomwepo."

Amayi anadikira ndikhale pamphasa, atipatse moni mwadongosolo, afunse za kuntchito, kenako ndiye anafika pa zimene zinali kumtima.

"Mwanawe, kuphiriku wakutuma ndani?"

"Palibe, amayi. Ndangofuna ndekha."

"Nanga akupatsa zingati?"

Nditawauza kuti wolipira ndine, ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, kwa wonditsogolera, kwa wonyamula katundu, mpaka kangachepe kwa mlonda wa nyumba iliyonse, anaomba m'manja n'kuitana alamu anga kuti adzamve okha. Anaseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, chifukwa kwathu kuphiri kumapita wofuna nkhuni, udzu, mankhwala kapena matabwa. Wokwera chabe kuti akaone mitambo amakhala mzungu.

Atatha kuseka anafunsa ngati ndinapeza chakudya m'njira. Aliyense wokulira m'tsinde mwa phirili amadziwa lamulo lake: ukapeza nsima kapena nthochi zakupsa pamalo popanda munthu, idya wekha, usaitane mnzako, usatengeko kunyumba. Ndinati sindinapeze. Anandikumbutsanso za mayi wa ku Netherlands amene anasowa ku Sapitwa mu 2003, ndi mnyamata wa ku Brazil amene anafera komweko mu 2009. Ine ndimati chimapha anthu kumeneko ndi chifunga ndi chisanu, makamaka wokwera yekha chiperoni chikamutsekera njira. Amayi amati ndi eni phiri. Sitinakangane, pakuti tonse tinagwirizana kuti kumeneko sapitako wopanda womutsogolera.

Tsiku limenelo ndinadya mochititsa manyazi. Paphiri tinkangodalira mpunga, soya ndi tiyi. Apa panali nsima ya mgaiwa, nandolo wamuwisi wongothyola kumene, matemba a ku Chilwa, ndiponso kalongonda amene amayi anayamba kumuphika dzulo lake, kutaya madzi kangapo monga mwa mwambo wake, poti kalongonda wophika mothamanga amaledzeretsa. Madzulo mayi a ana anatenthetsa madzi, kuthiramo mchere, ndinaviikamo mapazi uku akuboola matuza ndi singano yowotcha pamoto. Sanandikalipire. Anangondiuza mtengo wa yunifolomu ya mwana, kawiri, ndipo ndinamva.

Amene amaganiza kuti kumudzi munthu amakapuma sanakhaleko mwana wa pamudzi wogwira ntchito m'tauni. Kutacha m'mawa anthu anali atayamba kale kufika. Malume anabwera ndi nkhani ya malire a munda. Msuweni anabwera ndi kalata ya fizi. Koposa zonse panali maliro oti ndikapepese. Namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi chaka chomwecho, ndipo Phalombe ndi Mulanje anali m'gulu la maboma amene anavutika koopsa. Ine nthawi imeneyo ndinangotumiza ndalama pafoni. Tsopano ndinayenda khomo ndi khomo, ndikutsimphina, kukhala pansi, kumva amene anapezeka ndi amene sanapezeke mpaka lero. Mbali ina ya dimba la amayi inali itakwiririka ndi mchenga ndi miyala, ina yaikulu kuposa nkhokwe yawo. Iwo anaonanso napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika ku Michesi n'kukokolola anthu ambiri ku Phalombe. Anandiuza kuti mvula ikangolimba usiku sagonanso, amakhala pakhomo kumvetsera phiri. Mabala amene madzi anang'amba m'mapirimo ndinkawajambula ndili pamwamba. Zithunzizo sindinawaonetse.

Achimwene anga aakulu anafika dzuwa litapendeka. Amakhala ku chikamwini, mudzi wachiwiri kuchokera kwathu, ndipo tinali titatha nthawi yaitali osaonana. Munthu ameneyu ali ndi dazi pakati pamutu, losachokera ku ukalamba. M'zaka za m'ma 1990 ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri, pamutu pali nkhata, kumapazi kulibe nsapato, kutsika njira zomwe ine ndinatsika ndi ndodo ziwiri, chikwama chitasenzedwa ndi wina.

Sanandiseke ngati amayi. Anandifunsa mafunso a munthu wodziwa. Mwawoloka pati mtsinje wa Thuchila? Pakati pa Chinzama ndi Sombani mwadzera njira ya kumtunda kapena ya m'khwawa? Ine ndinkayankha ndi maina a pamapu, iwo n'kumatchula maina awo a miyala ndi mapanga amene pamapu palibe. Kenako anafunsa za mitengo. Ankafuna kudziwa ngati nkhalango ina imene ankachekamo ikadalipo.

Ndinawauza zimene ndinaona: zitsa, maenje a macheka, ndi timitengo tating'ono todzalidwa posachedwa totetezedwa ndi njira zotchinga moto. Mkungudza wa Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha phiri lonselo. Achimwene anakhala chete pang'ono. Kenako anafotokoza mmene zinkayendera. Chilolezo chinkaperekedwa chocheka mitengo youma yokha. Ndiye anthu ena ankasenda khungwa la mtengo wamoyo kuzungulira tsinde, kapena kuutentha, kuti chaka chamawa udzawerengedwe wouma. Osenza ngati iwo ankalandira tindalama ta thabwa limodzilimodzi, phindu lenileni linkapita kwa eni macheka ndi ogula a m'tauni.

"Ukudziwa kuti fizi yako ya Fomu 1 ndi Fomu 2 inachokera kuti?" anandifunsa.

Ndinkadziwa. Bambo anali atamwalira, ndipo ndalama inkabwera itakulungidwa m'kapepala, ikununkha mkungudza. Ndamvapo anzanga a m'tauni okonda zachilengedwe akutukwana anthu a m'tsinde mwa phiri kuti ndi mbuli zowononga, ndipo inenso zitsa zija zinandipweteka mtima. Koma amene akuyankhula choncho ambiri a iwo ali ndi kabokosi ka mkungudza m'chipinda chochezera, kogula pamsewu wa ku Likhubula. Achimwene sanadziteteze ndipo sanapepese. Anangoti mwana wawo wamwamuna akufuna kulembetsa m'gulu la onyamula katundu wa alendo, ndipo chaka chamawa akufuna kuthamanga nawo mpikisano wa paphiri wa Porters Race. Anandipempha kuti ndikamusiyire nsapato zanga ndikamaliza ulendo. Ndinavomera.

Usiku wotsiriza mwana wanga anakana kugona, akuti apite nawo. Mayi ake anamulonjeza kuti akakula pang'ono tidzamutengera ku Dziwe la Nkhalamba, kumene ngakhale ana a sukulu amafika. Kwa ine ananena poyera kuti bondo likakula ndisachite makani, nditsike, Lujeri sathawa. Amayi anandimangira nandolo wophika, chinangwa ndi botolo la thobwa, katundu amene wonyamula chikwama changa anamuyang'ana mokwiya, koma thobwalo anamwa nawo.

Kunena zoona kukweranso kunandivuta kuposa tsiku loyamba ku Likhubula. Thupi likalawa mphasa ndi madzi otentha limayamba kukana, ndipo miyendo inali itauma gwa. Achimwene anati atiperekeza mpaka ku Fort Lister basi. Titafika pamenepo anati afike nafe pamtsinje woyamba. Pamtsinjepo analanda chikwama kwa wonyamula katundu uja, kuchiika pamutu m'malo mwa kumsana, n'kuyamba kukwera atavala patapata. Titafika ku Sombani tinawapeza atakhala kale pakhonde ndi mlonda, tiyi ali pamoto, akukambirana za anthu amene ankacheka nawo limodzi. Anagona nafe komweko, ndipo m'mawa mwake ndi iwo amene anatisonyeza polowera njira ya ku Madzeka asanabwerere kumudzi. Za njira imeneyo, ndi mmene bondo lija linandichitira pamakwerero otsikira ku Lujeri, ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.