Mwana akatentha thupi koma mzere n'kutuluka umodzi

Aliyense amene wagwirapo ntchito pa sikelo kapena ku OPD, kothandizira odwala osagonekedwa, akukadziwa kachipangizo koyezera malungo kaja, ka mRDT. Upukuta chala cha mwana, ubaya, utenga kadontho ka magazi, udontheza madzi ake a m'kabotolo, n'kudikira mphindi 15 kapena 20. Mizere ikatuluka iwiri, malungo alipo. Ukatuluka umodzi, palibe. Kagwiritsidwe kake munthu amakadziwa tsiku limodzi. Chomwe chandisunga pa mabuku teremu ino, pamene tikuphunzira matenda a ana, ndi zomwe zinachitika m'zipatala kachipangizoka katafika.

Kale, mwana akatentha thupi kudera la udzudzu ankangoti ndi malungo. Sikunali kusasamala ayi. Maikulosikopu imafuna magetsi, mankhwala opakira magazi ndi munthu wodziwa kuwerenga, zinthu zomwe zipatala zing'onozing'ono zambiri zinalibe. Komanso chloroquine ndi Fansidar anali otsika mtengo. Zinthu zinatembenuka tizilombo titayamba kupirira mankhwalawa: Malawi anasiya chloroquine mu 1993, ndipo mu 2007 LA analowa m'malo mwa Fansidar. LA ndi wodula, sungamamwaze kwa mwana aliyense wotentha thupi. Mu 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti woganiziridwa malungo aliyense aziyezedwa kaye asanalandire mankhwala, ndipo mu 2011 ma mRDT anayamba kufika m'zipatala za kuno kwathu.

Kufika kwa chipangizo ndi kukhulupiriridwa kwake n'zosiyana. Kafukufuku wa ku Tanzania amene anatuluka mu 2007 anapeza kuti mwa odwala omwe zotsatira zawo zinati alibe malungo, pafupifupi theka anapatsidwabe mankhwala a malungo. Ndikawerenga zimenezi sindithamangira kudzudzula, chifukwa pa pulakitiko ndinaona mmene zimakhalira. Mayi wanyamuka mbandakucha, mwana ali kumsana, thupi lili ngati moto. Wayima pamzere mpaka dzuwa lafika pamutu. Ukamuuza kuti, "Mayi, mwana wanu alibe malungo," amakuyang'ana m'maso n'kufunsa, "Ndiye akutentha chonchi bwanji, adokotala?" Funso lake ndi loyenera, ndipo kachipangizo kaja kalibe yankho. Panja pali amayi ena ambiri akudikira. Ukamulembera panado yekha, ukudziwa kuti mwina adzera ku golosale kukagula zina. Dzanja limangopita lokha kukalemba chinachake m'buku la kuchipatala.

Apa m'pamene ndinaima nthawi yaitali. Ngati si malungo, n'chiyani? Kafukufuku wina wa ku Tanzania komweko, wa mu 2014, anayeza mwakuya ana oposa 1,000 otentha thupi ku Dar es Salaam ndi ku Ifakara. Malungo anapezeka mwa mwana mmodzi pa khumi alionse. Ambiri anali ndi matenda a m'njira yopumira, ndipo pafupifupi ana 7 pa 10 alionse vuto lawo linali mavairasi, omwe samva LA ngakhalenso maantibayotiki. Koma wolandira odwala sangaone vairasi ndi maso. Ndiye chinachitika n'choti LA atachepa, maantibayotiki anakwera. Ofufuza ataphatikiza zotsatira za m'maiko angapo a mu Africa ndi Asia mu 2017, anapeza kuti 69 peresenti ya odwala opezeka opanda malungo anapatsidwa maantibayotiki, pomwe mwa opezeka nawo anali 40 peresenti.

Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mtengo wake tikuulipira kale. Ku Blantyre, kuyambira cha mu 2011, taifodi inachuluka, ndipo mtundu umene unafala sumamva maantibayotiki a ampicillin, chloramphenicol ngakhale Bactrim. Katemera wa taifodi amene dziko lino linayamba kupereka mu 2023 athandiza, koma sangachotse chizolowezi cholembera amoxicillin mwana aliyense wa chimfine.

Mizere iwiri nayo ili ndi msampha wake. Ma mRDT ambiri amafufuza puloteni ya kachilombo ka Plasmodium falciparum yotchedwa HRP2, yomwe imatsala m'magazi kwa milungu ingapo ngakhale mwana atamaliza LA n'kuchira. Kuwonjezera apo, kudera kumene malungo ndi ochuluka mwana akhoza kukhala ndi tizilombo m'magazi koma chomudwalitsa chili china, monga chibayo kapena matenda oumitsa khosi. Ntchito ya Terrie Taylor, dokotala wofufuza za malungo, ndi anzake ku chipatala cha Queen Elizabeth inaonetsa zimenezi momvetsa chisoni. Mu 2004 anafalitsa zomwe anapeza atapima matupi a ana omwe anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo: pafupifupi mmodzi pa anayi alionse anamwalira ndi matenda ena, ngakhale anali ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Ndinawerenga ndimeyo kawiri, ndikuganizira ana amene timawatumiza ku wodi titalemba liwu limodzi lokha loti malungo m'buku mwawo. Kwina, monga ku Peru ndi ku Eritrea, kunapezeka tizilombo tosapanga HRP2 n'komwe, moti kachipangizo kamati palibe pomwe alipo, ndipo Eritrea anachita kusintha mtundu wa zoyezera.

Sindikunyoza mRDT. Kapulumutsa LA wambiri, ndipo kathandiza alangizi a zaumoyo m'midzi kuyeza mwana asanamupatse mankhwala. Maganizo anga ndi oti chipatala chikamalandira zoyezerazi chizikonzekeranso mwana wa mzere umodzi uja, popeza ndiye wochuluka. Pakhale wotchi yowerengera mpweya, chifukwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, kapena wa chaka mpaka zaka zisanu akamafika ka 40, ndiye kuti chibayo chikuganiziridwa. Pakhale kachipangizo kapachala koyezera okosijeni, choonera m'makutu, ndi timapepala toyezera mkodzo. Zoyezera CRP (puloteni ya m'magazi yomwe imakwera thupi likamalimbana ndi matenda), zomwe zimathandiza kusiyanitsa odwala ofunika maantibayotiki, zinachepetsako kalembedwe ka mankhwalawa pa kafukufuku wa ku Vietnam wa mu 2016, ndipo ndi zomwe ndikuwerenga tsopano.

Pa pulakitiko ikubwerayi ndadziikira lamulo: mzere ukatuluka umodzi, ndizimuvula mwana malaya, ndiwerenge mpweya mphindi yathunthu, ndione ngati nthiti zikulowa m'kati, ndigwire khosi, ndiyang'ane m'manja ngati muli magazi okwanira. Kenako ndiwauze amayi momveka kuti akaona mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena wafooka mosadzuka, abwere naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo thupi likapanda kuzizira abwerenso tidzamuyeze kachiwiri.