Chimbale chatuluka, zikomo amalume, zikomo nonse

Mawu anditsekera, ndikungonong'ona, ndiye amene mukuimba foni musaone ngati ndayamba matama. Ndilemba kamodzi pano, aliyense atolepo zake.

Chimbale chatuluka. Nyimbo zisanu, zonse zopeka ndekha, zonse m'chilankhulo chathu, ndipo Loweruka tinachikhazikitsa mumzinda wa Tete, kuno ku Mozambique. Za Lachisanu ambiri mukuzidziwa kale, munandimva ndikulira pa WhatsApp. Munthu uja analonjeza zokuzira mawu anathimitsa foni ndalama atalandira kale, ndipo madzulo ake, tili mkati moyeserera, magetsi anabwera mwamphamvu, ampulifaya yanga n'kufuka utsi. Sindibwereza zambiri. Munthuyo Mulungu anamuona, ine ndamusiya m'manja mwake.

Amalume. Kaya ndiyambire pati.

Ndinawaimbira dzuwa litapendeka, iwo akulongedza pa benchi yawo pamsika ku Ulónguè. Sananene kuti pepa, sananenenso kuti ndinakuuza. Anangofunsa kuti, "Yafuka utsi kapena yangozima?" Nditayankha anati, "Usaiyatsenso, ndipo munthu wina asaitsegule." Basi, foni n'kudula. Ine ndimaganiza kuti mwina mawa andilangiza pafoni pomwepo. Osadziwa kuti machapa, maminibasi athu aja, atatha, munthu wamkulu ngati uja anakakwera lole ya mbatata ya kachewere, n'kukhala pamwamba pa matumba usiku wonse, mphepo ya ku Angónia ikumuwomba, kudutsa Mussacama, kudutsa Moatize, makilomita oposa 200. Tambala woyamba asanalire anali akugogoda kwa azakhali ku Matundo, mumzinda wa Tete, jekete lili fumbi lokhalokha, m'manja muli chikwama cha zida ndi wailesi yakale yomanga ndi mphira.

Ndinawapatsa madzi osamba, anakana. Anakhala pakhonde, n'kuvala magalasi awo aja omanga ndi ulusi mbali imodzi, n'kumasula ampulifaya. Fyuzi inali itapsa, timakapasita tiwiri tinali titatupa pamwamba, ndipo njira ina ya pabolodi inali itadukiratu. Wailesi yakale ija anabwera nayo kuti aiphe, achotsemo ziwalo. Magetsi anali atazima, asanabwerere, ndiye chitsulo chowotcherera anachiika pa mbaula ya azakhali, pambali pa ketulo ya tiyi. Chikafiira achichotse, apukute nsonga pa kansanza konyowa, agunditse mtovu, kadontho kamodzi, abwezenso pamakala. Ine ndagwira tochi ya foni, dzanja likunjenjemera, iwo n'kumati, "Unika bolodi, osati nkhope yanga." Magetsi atabwera anayamba ayeza kaye ndi kamita kawo kuti aone ngati afika bwino pa 220, kenaka anati, "Khudza nsambo yaikuluyo." Ndinakhudza. Agalu a m'deralo anauwa onse, azakhali anatuluka ndi chitenje chokha akufuula kuti tiwagwetsera nyumba. Amalume sanaseke n'komwe. Anangopempha tiyi.

Amene simuwadziwa mungaganize kuti zayambira Lachisanu. Ayi. Gitala imene munaiona ija inabwera kwathu ili yakufa. Amalume anaipeza kwa munthu amene ankafuna kuitaya, ndipo kachipangizo kamene kamatola mawu pansi pa nsambo kanali katapsa. Mkati mwake mumakhala maginito ndi kawaya ka kopa kopyapyala ngati tsitsi, kokulunga maulendo zikwizikwi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'kawayamo mumabadwa mphamvu pang'ono, ndiyo imene ampulifaya imakuza. Kawaya kameneko anakakulunganso okha pa makina osokera a amayi, pamalo pokulungira ulusi, usiku ndi usiku, kakaduka ayambirenso. Ndi iwo anandiphunzitsa chifukwa chake chingwe cha mbedza sichilira pa gitala yamagetsi. Ndi iwo anandionetsa kuwiritsa nsambo zakale m'madzi kuti litsiro lichoke zilirenso bwino, poti kuno nsambo zimasowa ndipo zikapezeka mtengo wake ndi wolira nawo.

Ndipo ndi iwo anandiimira pamene nkhani inafika pabwalo la banja. Mukukumbukira ena a inu, munalipo. Zinanenedwa kuti mwana wamkazi wonyamula gitala amathera m'mabala, kuti phokoso limenelija ndi la satana, kuti rock ndi za azungu. Amalume, monga mwinimbumba, anamvetsera zonse mpaka aliyense anatopa. Kenaka analowa m'nyumba, n'kutulutsa katoni ya makaseti. Nthawi ya nkhondo iwo anathawira ku Dedza ali mnyamata, monga anachitira anthu ambiri a kuno, ndipo n'komwe anaphunzira kukonza mawailesi. Anabwerera mtendere utasainidwa mu 1992, katundu wawo ndi zida ndi makasetiwo. Tsiku limenelo anaika kaseti ya ku Zambia ya m'ma 1970, nthawi ya Zamrock, ya magulu ngati WITCH ndi Ngozi Family ya malemu Paul Ngozi. Gitala yaukali, yokanda m'makutu, ndipo oimba ake anthu akuda, anansi athu a kuseri kwa malire a Cassacatiza. Anangoti, "Awa ndi azungu?" Bwalo linathera pomwepo. Koma ine anandipatsa lamulo pamaso pa onse: sukulu ikatsika, gitala ikakhala m'nyumba mwawo pamwamba pa kabati. Mpaka lero amafuna kuona mapepala anga a mayeso asanandifunse za nyimbo.

Amayi, zikomo. Ndikudziwa kuti poyamba mtima wanu sunali pamenepa, ndipo simunabise. Komabe ndinu munagulitsa nkhuku ndi matumba a chimanga amene munasungira fetereza, ndinu munasaina mapepala a ku situdiyo chifukwa zaka 17 sizindilola kusaina ndekha. Loweruka ndinakuonani kumbuyo, mutatseka khutu limodzi ndi chala, koma simunatuluke mpaka nyimbo yomaliza.

Anyamata anga awiri, wa ng'oma ndi wa bezi, takhala tikuyeserera m'nkhokwe yakale, ng'oma ina ili chigubu, popanda ndi metikali imodzi yomwe. Mwapirira. Mano, m'bale wanga wa ku situdiyo, inunso. Ife a kumapiri tinazolowera kuzizira, ndiye Tete mu Okutobala, kutentha kopitirira madigiri 40, kachipinda kotseka mazenera onse, fani n'kuithimitsanso kuti isamveke mu maikolofoni, ndinkaona ngati ndikomoka. Munavomera kuti tizijambula usiku. Munavomeranso, ngakhale monyinyirika, kusiya gitala yanga ndi mkokomo wake uja. Poyamba munkati sipika yang'ambika, tiikonze. Sinang'ambike, mano, timachita dala kukankha ampulifaya mpaka mawu asweke. Rock yake ndi imeneyo.

Achinyamata a kutchalitchi cha azakhali, amene munanyamula masipika anu ndi jenereta pa txopela, njinga yamoto ya matayala atatu ija, kuwoloka mlatho wa Samora Machel dzuwa lili pamutu, popanda kufunsa kuti tikupatsani zingati, Ambuye akudalitseni. Abusa anu sanamvepo nyimbo yanga ndi imodzi yomwe, anangomva kuti mwana wagwa m'mavuto. Aphunzitsi anga a Chipwitikizi amene munandikonzera kalata yopempha chilolezo, zikomo. Aulutsi a pa wailesi ya m'dera lathu amene munaika nyimbo yanga pakati pa marrabenta ndi nyimbo zakwaya, anthu n'kumaimba foni kudandaula, inu n'kuiikanso mawa lake, zikomo. Onse amene munatumiza pa M-Pesa ndi e-Mola usiku wa Lachisanu, wina 50, wina 100, ena osafuna ndi kutchulidwa komwe, ndinalemba mayina anu m'kope. Abale a ku Dedza ndi Ntcheu amene munadutsa pa malire a Calómuè ndi ndalama zanu kudzangondiona, sindidzaiwala. Anthu a mumzinda wa Tete, ambiri a inu mumalankhula Chinyungwe, koma nyimbo ija ya mtsikana wokana kukwatiwa asanamalize sukulu munaiimba nane mpaka ine ndinasiya maikolofoni.

Tsono pali ena. Amene munati mubwera, n'kufunsanso ngati pakhomo mulowa ulere, kenaka zii. Amene Lachisanu munaona uthenga wanga, tizizindikiro tiwiri tija n'kusanduka tabuluu, osayankha. Lero ndadzuka ndapeza mwaika chithunzi changa, mwalemba kuti "mwana wathu", "magazi athu". Chabwino, chibale ndi fupa sichiwola, sindikukanani. Koma ena a inu ndi omwe aja munkauza amayi pachigayo kuti akulera hule. Amayi sanaiwale, ine sindinaiwale. Moni tizipatsana ndithu.

Ndibwererenso kwa amalume, pepani, mtima sukundilola kuwasiya. Loweruka ndi tsiku limene amapeza ndalama pamsika, anthu a kumidzi amabwera ndi mawailesi, mafoni ndi mabatire a sola. Tsiku limenelo analitaya chifukwa cha ine. Pa nthawi ya zoimba sanakhale pampando umene ndinawasungira kutsogolo. Anakhala pansi kuseri kwa masipika, dzanja lili pa ampulifaya kumva ngati ikutentha, akuikupiza ndi katoni. Nditawatchula kuti aimirire anthu awaone, anangogwedeza katoni ija, osadzuka. Titamaliza ndinatenga ndalama zapakhomo kuti ndiwabwezere ya lole ndi ya tsiku lawo, iwo anandikalipira anthu akuona, amvekere, "Kagule nsambo zatsopano, zowiritsazi zakwana." Amalume, Facebook mulibe, koma ndikudziwa kuti mwana wanu akuwerengerani. Ndilibe choti ndingakupatseni chofanana ndi zimene mwachita. Mulungu wa kumwamba akusungireni maso amenewo ndi manja amenewo, akutalikitsireni masiku, matenda a msana aja akuchokeni. Ambuye, Inu mukudziwa kuti munthuyu sanadyepo kanthu kanga. Mumubwezere Inuyo.

Ambiri mukufunsa kuti kenaka chiyani. Nyimbo ziwiri zili kale pa YouTube, zinazo ndiziika ndikapeza ndalama ya intaneti. Aphunzitsi akundithandiza za kulembetsa nyimbozi ku SOMAS, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolemba m'dziko muno, kuti mawa wina asadzadzuke n'kunena kuti ndi zake. Anyamata amene mumathira nyimbo m'mamemori khadi pamsika, sindikukuletsani, ndikudziwa kuti kumidzi nyimbo zimafika kudzera mwa inu, koma lembani dzina langa bwinobwino, musaike la munthu wina. Amene mukundiitana ku Tsangano ndi ku Furancungo, dikirani kaye. Mayeso a kalasi 12 ali pafupi, ndipo gitala yapita kale pamwamba pa kabati ija, ndaipereka ndekha asanaiitanitse.

Ndipo inu a ku Ulónguè amene muli ndi ngongole pa benchi ya amalume, wailesi munatenga kalekale mukumvera kunyumba koma ya ntchito simunapereke, chonde sabata ino kalipireni. Iwo sangakutsatireni, amachita manyazi. Ine manyazi ndilibe, ndipo kope lawo la ngongole ndikudziwa pamene limakhala.