Mmene ndinasamutsira maakaunti anga ku foni yatsopano osadzitsekera panja

Foni yakale musaifomate kaye. Anthu ambiri akagula foni yatsopano chimwemwe chimawapitirira, tsiku lomwelo afufuta zonse mu yakale ija apatsa mng'ono wawo kapena agulitsa, kenako madzulo akufuna alowe mu Gmail pa yatsopanoyo, Google ikuti tatumiza funso pa foni yanu ija dinani Yes, foni yake iti poti yapita kale ndipo mulibe kanthu. Ine ndimagulitsa zovala ndi nsapato, makasitomala anga ali pa WhatsApp ndi pa Facebook, komanso ndimapita ku Joni kukaoda katundu, ndiye akaunti itangotsekeka ndekuti bizinesi yaima. Nditagula foni ina ndinaika mafoni onse awiri pa tebulo, onse ali ndi moto wodzadza, yakale ija ndisanaikhudze chilichonse, nkuyamba motere.

Choyamba ndinatenga kope lomwe ndimalembamo angongole lija, kumasamba akumapeto ndinalemba maakaunti onse omwe ndili nawo, pambali pake nambala kapena imelo yomwe akauntiyo inamangiriridwa. Zikuoneka ngati zachibwana koma apa ndi pomwe pamatulukira zinthu. Ambirife Facebook anatitsegulira ndi mnzathu kalekale, anaikapo nambala yomwe tinasiya kugwiritsa ntchito, ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito makampani a mafoni amaitenga nkuipereka kwa munthu wina, kutanthauza kuti khodi yolowera mu akaunti yanu ikhoza kumakafika pa foni ya munthu yemwe simukumudziwa nkomwe. Paliponse pomwe panali nambala yakale ndinachotsa nkuikapo yomwe ili mufoni panopa.

Kenako Google, poti pa Android zonse zimatsamira pamenepo. Mukalowa mu Settings, Google, Manage your Google Account, mupite pa Security. Ndinaona kaye recovery phone ndi recovery email, nambala ndi imelo yachiwiri zobwezeretsera akaunti ikakutsekerani, ngati zili zolondola. Pa imelo yachiwiriyo ndinaika ina yomwe pasiwedi yake ndimaidziwa pamtima, osati imelo yomwe ndingathe kutsegula pokhapokha foni yomweyo ili m'manja. Pomwepo pali 2-Step Verification, ndiko kuti pasiwedi payokha siikwanira, pakufunikanso chachiwiri chotsimikiza kuti ndinudi. Chachiwiricho chikhoza kukhala funso lotulukira pa foni lija, khodi ya pa meseji, khodi ya mu apu, kapena makhodi osungira padera omwe amawatcha backup codes. Anthu ambiri amangoyatsa ya pa meseji basi nkumati atha.

Ya pa meseji yokha ine sindiikhulupirira, ndipo chifukwa chake ndi ulendo womwewu. Basi ikangodutsa pa Mwanza kulowa ku Zobue netiweki yakwathu imatsala, mudutse Tete, Nyamapanda, mpakana Beitbridge, mukafika ku Johannesburg mumaika simu ya komweko kuti data ikhale yotchipa. Ndiye nthawi imeneyo mufune kulowa mu imelo pa kompyuta ya pa shopu kuti mupulinte invoisi, khodi yatumizidwa ku nambala ya ku Malawi, roaming mwina simunayatse, mwina meseji ichedwa kufika mpaka khodiyo kutha ntchito. Olo osayenda, wakuba akalanda foni pa depoti amatenga ndi simu yomwe, njira zonse ziwiri zapita pakamodzi.

Nde ma backup codes aja ndi pomwe ndinakhalitsa. Mukadina Google imakupatsani makhodi 10, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi kokha. Ndinawakopera pamanja ndi bolopeni pa mapepala awiri, ndikuwerenga mokweza kawiri kawiri chifukwa 1 ndi 7 wanga amafanana. Pepala lina ndinaika mu envulopu ya masatifiketi kunyumba, lina mu kachikwama ka pasipoti. Sikirinishoti ayi, chifukwa sikirinishoti imakhala mu foni yomwe ikhoza kusowayo, komanso imakakwera ku Google Photos ya akaunti yomweyo yomwe mukulephera kutsegula, zili ngati kukhoma chitseko kiyi ali mkati. Papepalapo sindinalembe imelo yake, munthu atalitola angoona manambala osadziwa ndi a chani. Ndinayesanso imodzi pompo pa laputopu ya mchemwali wanga, nditalemba pasiwedi itafunsa khodi ndinadina Try another way, nkusankha zoika backup code, inalowa bwinobwino ndipo khodi imeneyo ndinaikhwatcha pa mapepala onse awiri. Dziwaninso kuti mukapempha makhodi atsopano akale onse amafa, ndiye pepala lakale ling'ambeni lisadzakusokonezeni.

Apu ya Google Authenticator ndinali nayo kale pa foni yakale. Kwa omwe simunaigwiritsepo, imatulutsa khodi ya manambala 6 yomwe imasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndipo ubwino wake siifuna bandulo kapena netiweki, olo muli pakati pa tchire la ku Tete imagwira, chifukwa imawerengera khodiyo kuchokera ku nthawi ya pa foni ndi kachinsinsi komwe inasunga tsiku lomwe munasikana QR, kachithunzi ka timadontho kaja komwe foni imawerenga ndi kamera. Nchifukwa chake wotchi ya foni ikhale pa automatic, ikasemphana ndi mphindi zingapo makhodi onse amakanidwa munthu nkumaganiza kuti wahakidwa. Posamutsa ndinatsegula apuyo pa foni yakale, pa timizere titatu, Transfer accounts, Export accounts, inatulutsa QR wamkulu, pa foni yatsopano Import accounts nkusikana. Ndinaika mafoni pambali pambali kuyang'ana ngati manambala akufanana ndipo akusinthira limodzi. Kuyambira 2023 apuyi imathanso kusunga makhodi mu akaunti yanu ya Google kuti foni ikasowa abwerere okha mukalowa pa ina. Ine ndinayatsa, nzabwino, koma zimenezo zimathandiza pokhapokha mwalowa kale mu Google yomweyo, ndiye pepala lija silichoka pa malo ake.

WhatsApp ili ndi manambala awiri omwe anthu amasokoneza. Pali khodi ya manambala 6 yomwe imabwera pa meseji mukamalembetsa nambala pa foni ina, ndiye palinso PIN ya manambala 6 yomwe mumasankha nokha pa Settings, Account, Two-step verification. Yoyambayo ndi yomwe akathyali amaifuna aja, mumangoona meseji yochoka kwa munthu yemwe mumamudziwa, mwina wa mugulupu ya kutchalitchi, akuti pepani ndatumiza khodi yanga ku nambala yanu molakwitsa tandibwezerani. Si iyeyo, akaunti yake anailanda kale, ndipo mukangotumiza yanunso yapita, mawa abale anu onse akupemphedwa ndalama m'dzina lanu. PIN ija ndi yomwe imawatchinga olo khodi ataipeza. Koma poyatsa imafunsa imelo ndipo ambiri amadina Skip. Musadumphe. Mukaiwala PIN mulibe imelo mumadikira masiku 7 kuti muloledwe kuisintha, sabata yathunthu maoda akungodutsa.

Bakapu ya macheza, ndiko kuti kope lake losungidwa kunja kwa foni, ili pa Settings, Chats, Chat backup. Ndinaona kaye kuti akaunti ya Google yomwe yalembedwa pamenepo ndi yomwe ija ndangoikonza, chifukwa mafoni ambiri amakhala ndi maimelo awiri atatu, ina anatsegula ndi mwana pofuna kudawuniloda magemu. Malo aulere omwe Google imapereka ndi 15 GB ndipo amagawana Gmail, Drive ndi Photos, kale bakapu ya WhatsApp siinkawerengeredwa mmenemo koma kuyambira 2024 imawerengeredwa, ndiye malo akadzadza bakapu imasiya kukwera, maimelo atsopanonso amasiya kulowa. Ine ndinayamba ndalowa mu Storage and data, Manage storage, kufufuta mavidiyo a m'magulupu, ena anali atatumizidwa kambirimbiri vidiyo yomweyomweyo, komanso Include videos ndinathimitsa. Zithunzi za katundu ndi mavoisi a makasitomala ndi zomwe ndimafuna, osati nthabwala za chaka chatha. Ndinadikira bandulo ya usiku, foni ili pa pawabanki poti magetsi anali atathima, kamzere kobiriwira kakuyenda pang'onopang'ono, kufika pa 99 nkuima kaye ngati kaiwala. Itatha ndinayang'ana pomwe pamalembedwa Last backup kuti paoneke tsiku lomwelo ndi kukula kwake, osangokhulupirira kuti poti ndinaika Daily ndekuti ikuchitika.

Palinso End-to-end encrypted backup, yomwe imakhoma bakapuyo ndi pasiwedi yanu kapena kiyi wa zilembo 64. Ndinayatsa chifukwa m'macheza anga muli za ndalama za anthu, ndinasankha pasiwedi nkuilemba pa pepala la mu envulopu lija. Apa muganize kaye bwino, foni itasowa pasiwedi mwaiwala, palibe angakutsegulireni olo eni ake a WhatsApp. Ngati ndinu munthu woiwalaiwala ndipo simukonda kulemba, bola kuisiya.

Pa foni yatsopano dongosolo lake ndi ili, mulowe kaye mu akaunti ya Google yomweyo, simu yomweyo ikhale mkati, kenako muike WhatsApp. Ikatsimikiza nambala imapeza bakapu nkufunsa Restore, ndipo imafunsa nthawi yokhayo, mukadumpha ndekuti muichotse apuyo muyambirenso. Ilipo njira ina ya Transfer chats yosikana QR pakati pa mafoni awiri osadya bandulo, ndi yabwino ngati data yavuta, koma imeneyo ndi kusamutsa chabe, siikuthandizani tsiku lomwe foni yabedwa. Anzanga a ku Joni, mukaika simu ya komweko WhatsApp imapitiriza pa nambala ya ku Malawi popanda vuto, musasinthe nambala ikakufunsani, ndipo musaichotse apuyo muli kunja chifukwa poibwezeretsa idzafuna khodi ya ku simu ya kwathu.

Facebook sinandichedwetse, Accounts Centre, Password and security, Two-factor authentication, ndinasankha apu ya makhodi m'malo mwa meseji, nkukopera ma recovery codes ake kuseri kwa pepala lomwe lija.

Manambala a anthu ambiri anali mu simu ndi mufoni momwe, ndinawasamutsira onse ku akaunti ya Google kudzera mu Contacts, kenako kukatsegula contacts.google.com pa laputopu kuona ngati afikadi. Zithunzi ndinachita pawiri, Google Photos kwa zofunika monga malisiti ndi za ana, zonse pamodzi ndinakoka ndi kebulo kuika pa fulashi yomwe imakhala kunyumba. Memori kadi yomwe ili mkati mwa foni musaiwerengere ngati bakapu, imapita limodzi ndi foniyo, komanso makadi otchipa a pamsika aja amangofa tsiku lina osatsanzika.

Za simu nazo. Airtel Money ndi Mpamba zimatsata simu ndi PIN yanu osati foni, ndiye pamenepo panalibe chosamutsa, koma ndinatsimikiza kuti simu inalembetsedwa m'dzina langa. Kuno kwathu kulembetsa simu ndi chiphaso kunakhala lamulo lokakamiza mu 2018, ndipo nthawi imeneyo ena analembetsa pa chiphaso cha achimwene awo kapena cha aunt poti chawo chinali chisanatuluke. Simu yotero ikasowa, kuti akupatseni ina ya nambala yomweyo amafuna mwini chiphaso, nanga ngati ali kumudzi kapena anatisiya? Pitani mukasinthitse zinthu zili bwino. Ndinayatsanso SIM lock kuti wakuba akaika simu yanga mu foni ina imufunse PIN asanalandire makhodi anga. Apa samalani, mukalakwitsa PIN ya simuyo katatu imafuna PUK, nambala ina yotsegulira simu yokhomedwa, ndipo PUK mukailakwitsa ka 10 simu yafa, ndiye musamangolota manambala, PUK imakhala pa kakhadi komwe munathyolapo simu kaja kapena mufunse ku kampani yanu ya foni. Apu ya ku banki inandifunsa khodi yomwe inabwera pa nambala yomwe ndinalembetsa ku bankiko, inalowa osavuta poti nambala sinasinthe.

Foni yakale ndinaisunga mu dirowa masiku angapo ili yoyaka, ndikugwiritsa ntchito yatsopano pa zonse, kudikira ngati pali apu ina yomwe ingandifunse kanthu komwe katsala uko. Nditaona kuti palibe, ndinalowa mu Settings ya yakaleyo pa Accounts nkuchotsa akaunti ya Google kaye ndisanafomate, chifukwa Android ili ndi loko yoti foni ikafufutidwa akaunti isanachotsedwe imatha kufunsa imelo ndi pasiwedi ya mwini wakale, mng'ono wanu nkumakuimbirani kuti mumuuze pasiwedi yanu. Ndinatulutsa memori kadi, factory reset, kenako pa foni yatsopano kubwerera ku Security, Your devices, nkudina Sign out pa dzina la foni yakale ija. Pa WhatsApp ndinaonanso Linked devices, panali kompyuta ya pa shopu ina yopulintira yomwe inali ikadali yolumikizidwa, ndinaitulutsa.