Loweruka pa phiri la Zomba

Kunacha ndi nkhungu, moti tinanyamuka pa damu la Mulunguzi dzuwa litakwera kale. Njira inatilowetsa m'nkhalango ya paini, mozizira, fungo la utomoni lili ponseponse. Mitengoyi ndi ya mtundu wa Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico, ndipo inabwera kuno m'nthawi ya atsamunda kuti izichekedwa matabwa. Ndinathyola kanthambi n'kukayang'anitsitsa: masamba ake ndi aatali ngati singano, omangana atatuatatu, olendewera pansi. Akauma amayoyoka n'kuyalana mokhuthala, ndipo pamene paini wathinana simumera china kupatula timaudzu tochepa. Mbalame tinazimva titatsikira kumtsinje, kumene kudakali mitengo yachilengedwe.

Pa mathithi a Williams sitinakhalitse. Madzi ake ndi ozizira koopsa, zala zinachita dzanzi.

Chomwe chandikhala pamtima ndi cha kutsogolo kwake. Tinangotulukira pamtetete, phiri lonse zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto. Kudula paini si mlandu, anamudzalira zomwezo. Koma wodula amayenera kubwezeretsa mbande mvula ikangoyamba, ndipo apa ndinafufuza ndi maso osaona ngakhale imodzi. Mvula yakumba kale timigula totsetsereka, dothi lofiira likupita kumtsinje. Mtsinje wake ndi Mulunguzi womwewo, umene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa. Dothi likamadzaza m'damu, mipopi ya kumunsi ndi imene idzayambe kuuma.

Masana tinafika pa Queen's View, pamene anaimapo mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, kenako pa Emperor's View, dzina lokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Nkhungu inali itayera. Pansi pathu panali mzinda umene unali likulu la dziko mpaka 1975, patsogolo nyanja ya Chilwa, ndipo chakummwera phiri la Mulanje linkaoneka mwachizimezime. M'pake kuti alendo olemekezeka ankawakwezera kuno.

Ku dzenje la Chingwe, komwe amati kale ankaponyamo anthu, n'kumadzulo kwenikweni kwa phiri, ndipo nthawi inatithera. Pobwerera tinakumana ndi anyamata atasenza matabwa aawisi pamutu, akutsika mothamanga, thukuta lili kamukamu. Iwo ndi onyamula chabe. Amene ndikufuna kumufunsa za mbande zija ndi amene anagula mitengoyo ndi amene anamugulitsa.